Rube wa ku Chimwadzulu: mkangano wa mabiliyoni unachokera kuti?

Chiyambireni mkangano wokumba bauxite, mwala wopangira aluminium, pa Lichenya paphiri la Mulanje, kuno ku Mulanje anthu akumatchula Ntcheu pafupipafupi. Pa Chitakale umangomva wina akuti, "Akulu, mwaiwala za ku Chimwadzulu?" Koma ambiri amangodziwa mathero ake. Mu 2024, Thabo Chakaka Nyirenda, yemwe anali mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, anafuna kuti kampani ya ku America ya Columbia Gem House ilipire madola 309 biliyoni pa rube, mwala wofiira wamtengo wapatali, wotuluka m'dziko muno kuchokera paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Kampaniyo inakanitsitsa, inati n'zopanda umboni.

Miyala ya paphiri la Chimwadzulu inadziwika mu 1958, ndipo kwa zaka zambiri ankangokumba modukizadukiza. Chimene chinakweza mtengo wake chinachitikira kutali.

Rube ndi safiro ndi mwala umodzi, corundum, ndipo muli aluminium yemweyo amene ali mu bauxite wathu. Chromium ndiye amaufiiritsa, pamene chitsulo ndi titanium zimaupatsa mtundu wa buluu. M'zaka za m'ma 1970 amisiri a ku Thailand anazolowera kuwotcha miyala yotuwa ya ku Sri Lanka mpaka isanduke buluu wokongola. Cha m'ma 2001 anayamba kuwotchera limodzi ndi mankhwala otchedwa beryllium, mwala n'kutuluka ndi mtundu umene sunabadwe nawo. Pofika 2004 rube wong'aluka ankamutseka ming'alu ndi galasi la mtovu. Onjezaniponso wa m'fakitale, yemwe Auguste Verneuil wa ku France analengeza kapangidwe kake mu 1902. Msika utadzaza ndi zoterezi, mwala wosaona moto unasanduka wosowa, ndipo rube wa ku Ntcheu ankagulitsidwa kunja pa dzina la Nyala, akumulengeza kuti ndi wosawotcha.

Nanga wosawotchayo amamudziwa bwanji? Pa maikulosikopu. Mkati mwa mwala wachilengedwe nthawi zambiri mumakhala tisingano tosalala ta mwala wina wotchedwa rutile, ndipo moto waukulu umatiduladula n'kutsala timadontho. Wothiridwa galasi amaonetsa tithovu ta mpweya, wa m'fakitale mizere yokhota. Chikalata chimene ogula amachikhulupirira chimachokera ku malabotale oyeza miyala monga GIA ya ku America, kapena SSEF ndi Gübelin a ku Switzerland. Mwala umachoka kuno uli wosasema, ungoyezedwa pasikelo, koma mtengo weniweni umadziwika utasemedwa ndi kulemberedwa chikalatacho. Ine ndimaona kuti mlandu wagona pamenepa.

Mbali zonse ziwiri n'zofunika kuzimva mosamala. Madola 309 biliyoni ndi oposa chuma chimene dziko lonse la Malawi limapanga pachaka kuwirikiza ka 20, choncho amene amakayikira chiwerengerochi sakulakwa. Komanso mawu a kampani ndi a mwini mlandu, sangakhale umboni paokha. Chovuta n'chakuti woyeza ndi wogula anali mbali imodzi ya nyanja, wokumba mbali ina, ndipo anthu a m'midzi yozungulira phirilo akhala akudandaula kuti sanaonepo phindu lake.

Vutoli lili pakhomo pathu pomwe. Kuyambira 2009, pamene rube anapezeka ku Montepuez m'dziko la Mozambique, aliyense wogwira kamwala kofiira pa Muloza kapena Limbuli amati ndi rube. Mnyamata amakatulutsa m'kapepala, n'kukanda nako botolo kuti muone kulimba kwake. Komatu garnet, mwala wina wofiira wotsika mtengo, nayenso amakanda galasi, ndipo kukanda sikungakuuzeni ngati mwalawo unalowapo m'ng'anjo. Kamwalako kakakhala kenikeni, mnyamatayo amakagulitsa pa mtengo umene wanena wogula.