BP Ikakhala Bwino Sindiye Kuti Wodwala Sakutaya Magazi

Anthu ambiri, ngakhalenso anamwino ena ongoyamba kumene ntchito, amakhulupirira kuti wodwala amene wachitidwa opaleshoni ali bwino malinga ngati BP yake sinatsike. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa munthu wamkulu akamataya magazi m'kati, mitsempha imafinyika ndipo mtima umafulumira, moti BP ikhoza kuoneka yabwinobwino mpaka atataya pafupifupi 30 peresenti ya magazi ake.

Namwino wodziwa ntchito amayang'ana zimene zimayamba kusintha: mtima kugunda kopitirira ka 100 pa mphindi imodzi, kupuma mofulumira, manja kuzizira, mkodzo kuchepa m'thumba la katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo), ndiponso kusakhazikika kumene achibale amangokutenga ngati mantha. Akaona zimenezi amaitana dokotala nthawi yomweyo, osadikira kuti BP itsike.