Chikhululukiro cha machimo sichigulidwa ndi "mbewu"

Mwina munaumvapo uthenga uja umayenda pa WhatsApp ndi m'misonkhano ina: ukapanda kutumiza ndalama za "mbewu" kwa mneneri, machimo ako sakhululukidwa, ndipo kabotolo ka madzi odzozedwa ndiko kamatsuka tchimo. Pansi pake pamakhala nambala ya foni yotumizirapo ndalamazo. Ndi bodza, komanso silinayambe lero.

Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa anthu Mzimu Woyera. Petro sanamunyengerere, anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Paulo naye, pa Aefeso 2:8-9, akuti chipulumutso ndi mphatso ya Mulungu, chimabwera mwa chisomo, si mphotho ya ntchito zathu. Pa Aroma 5:8 akuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, kutanthauza kuti tinali tisanaponye ngakhale tambala m'mbale.

Mu 1517 Martin Luther anadzudzula malonda a makalata ochepetsa chilango cha machimo ku Germany, ndipo mu 1567 Papa Pius V anathetsa zolipiritsa zoterozo.

Chopereka chili ndi ntchito yake, kusamalira mpingo ndi amasiye. Koma wina akakuopsezani ndi gehena kuti mugulitse mbuzi ya fizi ya mwana, mufunseni akuonetseni vesi lake.