Chala chachikulu chikachitidwa opaleshoni, si chilichonse chomangira chimene chimathandiza

Ndatopa nacho chomangira chakuda chija chogula ku famase, chokhala ndi kachitsulo kunsi kwa chikhatho ndi zomatira za Velcro. Munthu amalowa m'chipinda cha mafizo atachivala, nkhope ili mwee, amvekere: "Adokotala, ndadzipezera kale." Ndikayang'ana, chala chachikulu chimene anachita opaleshoni chili panja, chikugwedera mmene chafunira. Chomangira chimenecho anapangira anthu amene amamva dzanzi usiku chifukwa cha mtsempha wopanikizika pamfundo ya dzanja. Chimagwira mfundo imeneyo basi. Chala chamanthu sichichigwira n'komwe, ndiye ndalama zanu zapita pachabe, ndipo mwina simunataye ndalama zokha.

Patsinde pa chala chachikulu pali kafupa kakang'ono kotchedwa trapezium. Nyamakazi ikaperepesa chicherewecherewe cha pamenepo, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, mafupa amakhulana okhaokha, ndipo kutsekula botolo kapena kutembenuza kiyi kumakhala nkhondo. Mankhwala, jakisoni ndi mafizo zikalephera, dokotala amachotsa kafupako. Njirayi si yatsopano, dokotala wina dzina lake Gervis anailemba mu 1949 ku England, ndipo mu 1986 madokotala ena, Burton ndi Pellegrini, anafalitsa njira yowonjezera, yotenga chidutswa cha mtsempha wa pamkono n'kumangirira nacho tsinde la chalacho. Kaya achita njira iti, pamene panali fupa pamatsala mpata. Mumpatamo mumadzaza magazi oundana amene pang'onopang'ono amasanduka mnofu wolimba, ndipo chala chanu chidzatsamira pa mnofu umenewo moyo wanu wonse. Suuma tsiku limodzi. Ofufuza awiri, Cooney ndi Chao, anayeza mu 1977 n'kupeza kuti mukatsina chinthu ndi mphamvu ya kilogalamu imodzi, patsinde pa chalacho pamafika mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 12. Ganizirani tsono munthu amene akutong'ola chimanga patangotha masabata atatu.

Masiku 10 mpaka 14 oyamba mulibe chosankha. Mumatuluka m'fiyeta ndi chikhakha cha theka chokulungidwa ndi bandeji, ndipo ndi cha theka dala, kuti dzanja likatupa lipeze potupira. Chisanyowe, musalowetsemo kamtengo kokandira, dzanja likhale pamwamba kuposa mtima, zala zinayo muzizipinda ndi kuziwongola, phewa ndi chigongono zizigwira ntchito. Izi anakuuzani kale ku wodi.

Pamene anthu amasokonekera ndi pochotsa ulusi. Apa mpamene pamafunika sipulinti (chomangira cholimba) yeniyeni, yoyambira chapakati pa mkono, kudutsa mfundo ya dzanja, n'kuzungulira chala chachikulu, koma kusiya kamfundo ka kunsonga, kapafupi ndi chikhadabo, kuti kazipindika. Yabwino kwambiri ndi ya pulasitiki imene timaiviika m'madzi otentha madigiri 60 mpaka 70, ikafewa n'kuiumba padzanja lanu lenilenilo. Chimene ndimayang'anitsitsa poumba ndi kakhalidwe ka chala. Chiyenera kukhala ngati mwagwira kapu ya tiyi, chitatalikirana ndi chikhatho, nsonga yake itatha kukhudzana ndi ya mkombaphala. Mpata wa pakati pa zala ziwirizi ndiye chuma cha dzanja. Ukatsekeka, kuutsekulanso ndi ntchito ya miyezi, ndipo nthawi zina umakana.

Pulasitikiyi m'zipatala zathu zambiri siipezeka, ndikudziwa. Musadandaule nazo kwambiri. Chikhakha cha pulasitala choumbidwa bwino ndi munthu wodziwa chimaposa sipulinti yodula ya m'sitolo yosakukwanani. Za m'sitolo zokhala ndi polowetsa chala chachikulu ziliko ndithu, ndipo zina n'zabwino, koma bwerani nayo tiione, tipinde kachitsulo kake kuti kagwirizane ndi dzanja lanu. Zambiri zimakanikizira chala kuchikhatho, komwe tikuchiletsa kupita.

Nthawi yovala imasiyana, ndipo pano ndisakunamizeni kuti pali nambala imodzi. Ngati anangochotsa fupa basi, kapena anamangiriranso ndi mtsempha, madokotala ambiri amati masabata 4 mpaka 6 usana ndi usiku, kuvula posamba ndi pochita mafizo pokha. Ena amalola kuyamba kugwedeza msanga. Ngati mafupa anawalumikiza kuti agwirane kotheratu, mumadikira mpaka X-ray ionetse kuti agwirana, zomwe zimapitirira pamenepo. Ngati anaika mfundo yochita kupanga, monga amachitira kwambiri ku France ndi ku Belgium, nthawi imakhala yofupikirapo. Choncho mnzanu wa kumpingo amene anavula yake msanga si dokotala wanu. Simukudziwa chimene anamuchita m'kati.

Mbali ya mkono imene kuli chala chachikulu kumadutsa kamtsempha ka khungu kosachedwa kukwiya, pafupi penipeni ndi bala. Sipulinti ikakakanikiza, mumamva kuotcha kapena kuthwanima ngati magetsi pamwamba pa chala. Musapirire, ndiponso musaisiye pakhomo n'kukhala chete. Bwerani tiikonze, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimodzimodzi mukavula n'kuona pofiira pamene sipakuchoka patatha mphindi 20, kapena kutupa kukaphwa sipulinti n'kuyamba kukhwepa. Ndipo chonde, ya pulasitikiyi musaiyanike pafupi ndi mbaula kapena kuisiya m'galimoto padzuwa la Okutobala. Imabwera itapindika ngati chigwada chouma.

Pali mayi wina amene sindimuiwala. Anali telala, wazaka za m'ma 60. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawatengera komweko, opaleshoni inayenda bwinobwino, koma masiku awo okhala m'dzikomo anali atatsala pang'ono kutha, ndiye anakwera basi ulusi utangochotsedwa. Kalata yonena kuti aonane ndi a mafizo inatsala m'chikwama cha mwana uja. Kunyumba anachita zimene aliyense wosamala angachite: anamanga dzanja ndi bandeji mwamphamvu, chala chitagona pachikhatho, pamwamba n'kuvala chakuda chija cha ku famase. Ankaopa kuti akachigwedeza aononga ndalama za mwana wawo. Anakhala choncho miyezi itatu. Zala zitayamba kuuma, achibale anawapititsa kwa bambo wina "wowongola mafupa", amene anakoka chalacho mwamphamvu, n'kutema mphini m'mbali mwa chipsera, n'kupakamo zakudazakuda.

Atafika kwa ine dzanja linali lotupa, lonyezimira, lotuluka thukuta lokha, ndipo ngakhale mphepo ikawomba ankalibisa m'chitenje. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga bwanji simunabwere kale?" Anandiyankha mofatsa kuti, "Mwanangu, palibe anandiuza kuti kusamala kungaononge." Ndinasowa chonena. Matenda a ululu wokhalitsa amenewa, amene timawatchula mwachidule kuti CRPS, amatha kugwira munthu ngakhale zonse zachitika bwino, ndiye sindinganene kuti bandeji ija yokha ndiyo inawabweretsa. Koma akagwidwa msanga amamva chithandizo, ndipo miyezi itatu ija inapita tikanaigwiritsa ntchito.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi anthu okoka mafupawa. Patsinde pa chala chimene chachotsedwa trapezium palibe fupa lobwezera m'malo. Amene akukuuzani kuti "lachoka pamalo, ndilibweza" sakudziwa n'komwe kuti fupalo linatsala m'fiyeta. Akukoka mnofu umene ukuyesa kugwirana. Mphini pafupi ndi bala latsopano ndi khomo la majeremusi. Nawonso ogulitsa mafuta ndi makapisozi pa WhatsApp, amene amalonjeza "kumeretsa chicherewecherewe", akugulitsani mankhwala a mfundo imene kulibenso. Zala zikasanduka zotuwa kapena zabuluu, zikazizira, ululu ukamakula m'malo mochepa, bala likayamba kununkha kapena thupi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osati kudikira tsiku limene anakulemberani pa khadi.

Masabata 6 akakwana timayamba kukuchotsani pa sipulinti yaitali. Mumasinthira ku yaifupi, yogwira chikhatho ndi tsinde la chala n'kusiya mfundo ya dzanja, kapena yofewa ya neoprene, nsalu yotanuka yonga labala. Yofewayi anthu amaikonda chifukwa imatenthetsa ndiponso siikanda, koma ndi ya kumapeto, yovala pogwira ntchito kapena pokwera minibasi yodzaza. Kumayambiriro siingagwire chala. Cholinga n'chakuti pofika mwezi wachitatu muzikhala nthawi zambiri opanda kanthu padzanja. Kulemba, kumanga mabatani ndi kudya nsima zimabwera msanga. Kufinya zochapa, kuvundula nsima ya banja lonse, kutong'ola ndi kugwira khasu zidikire mpaka titakuyezani mphamvu. Mphamvu yotsinira imabwerera mochedwa, miyezi 6 mpaka chaka, ndiye musathamangire kunena kuti opaleshoni inalephereka pa mwezi wachinayi.

Amene mukupita kunja, kaya ku South Africa kaya ku India, musakwere ndege kapena basi musanatenge pepala lonena dzina la opaleshoni, masabata ovala sipulinti, ndi tsiku loyamba mafizo. Lijambuleni pafoni yanu, osati ya mwana wanu.

Mayi aja tinagwira nawo ntchito miyezi isanu ndi itatu. Ululu unachepa, kapu amagwira, chitenje amamanga okha. Mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala sunatsekuke wonse, moti sizasi yodulira nsalu siilowa bwino. Makina awo osokera anapatsa mdzukulu.