Mankhwala amene amathera m'mapapo momwemo

Mwana wa nkhosa kapena wa mbuzi akadali m'mimba, mapapo ake sagwira ntchito. Mitsempha ya m'mapapomo imakhala yothina, ndipo magazi ambiri amangowalambalala kudzera njira yachidule yotchedwa ductus arteriosus. Akabadwa n'kukoka mpweya koyamba, mitsemphayo imayenera kumasuka. Nthawi zina imakana. Kamwanako kamapuma mobanika, lilime lili bii. Makanda a anthu nawonso zimawachitikira.

Mankhwala omasula mitsempha analipo kale, monga tolazoline wobaya mumtsempha. Vuto lake alimi a mpunga ku Likangala angalimve msanga: mukatsegula ngalande zonse nthawi imodzi, madzi amatha mphamvu, ndime ya kumapeto n'kukhalabe youma. Tolazoline amamasula mitsempha ya thupi lonse, BP n'kugwa, pomwe ife timafuna mapapo okha.

Mu 1991 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi dokotala Warren Zapol ku Boston, ku America, linapumitsa ana a nkhosa mpweya wa nitric oxide. Mitsempha ya m'mapapo inamasuka, BP ya thupi lonse osasintha. Chimene chimandisangalatsa ine ngati dokotala wa ziweto n'chakuti ubwino wa mpweyawu wagona pa kusakhalitsa kwake. Umafika m'timatumba ta m'mapapo totseguka tokhatokha, n'kufewetsa mtsempha umene uli pafupi pomwepo. Ukangolowa m'magazi, haemoglobin, amene amanyamula oxygen m'magazimo, amaugwira nthawi yomweyo, ntchito yake n'kuthera pamenepo. Kuimpso kapena kuubongo sufikako ndi mphamvu. Mu 1992 unayesedwa pa makanda a anthu, ndipo America inauvomereza mu 1999, pa mlingo wa magawo 20 pa miliyoni a mpweya umene khanda likupuma.

Masilinda ndi makina ake ndi odula zedi. Kumene kulibe, madokotala a ana amapereka sildenafil, amenenso amamasula mitsempha. Inde, Viagra yemwe uja, musaseke! Kungoti iyeyu amazungulira thupi lonse, choncho BP ya khanda imafunika kuiyang'anitsitsa.

Kukhola kwa mlimi wa ku Domasi zonsezi sizifikako, ndipo musayerekeze kuphwanyira kambuzi piritsi. Kuchepa kwa oxygen n'kumene kumathinitsa mitsempha ya m'mapapo, kuzizira n'kumawonjezera vutolo. Mbuzi ikaswa m'mamawa wa June, chisanu chikutsika m'phiri la Zomba, pukutani mamina kumphuno ndi kukamwa, katikiteni ndi chiguduli chouma mpaka kalire, kafunditseni, ndipo kayamwe mkaka woyamba wachikasu uja ola lisanathe.