Si aliyense wobwera ndi ndalama amene ayenera kubayidwa Botox

Anamwino ambiri amene angoyamba ntchito yobaya jakisoni wokongoletsa nkhope amaganiza kuti luso lonse lili m'dzanja, ndipo kucheza ndi munthu asanabayidwe ndi mwambo chabe. Maganizo amenewa akhalitsa, koma ndi olakwika.

Ku Britain, Botox, jakisoni wochepetsa makwinya pofooketsa minofu ya nkhope, ndi mankhwala ochita kulemberedwa ndi dokotala kapena namwino wovomerezeka. Kuyambira pa 1 June 2025, bungwe la anamwino la NMC limafuna kuti namwino aonane ndi munthuyo pamasom'pamaso asanamulembere. Foni kapena vidiyo sizikwanira. Ku England, kuyambira mu October 2021, ndi mlandu kubaya mwana wosakwana zaka 18 pofuna kumukongoletsa, ngakhale makolo atavomera.

Pochezapo mpamene zobisika zimatulukira. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sabayidwa. Wodwala myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu, Botox ikhoza kumufooketseratu. Pamene pali chilonda kapena zithupsa, singano isafikepo.

Chovuta koposa ndi cha mumtima. Wina amabwera akudandaula za chilema chimene inu simukuchiona, amathera maola pagalasi, wazungulira kale makiliniki angapo osakhutira. Mwina ali ndi vuto lotchedwa body dysmorphic disorder, ndipo kawirikawiri jakisoni sathetsa nkhawa yakeyo. Ameneyu mukaneni mwaulemu, mumutumize kwa dokotala wake. Ndalama mutaya, inde, koma kumubaya n'kumuwonjezera mavuto.

Ngakhale woyenera kubayidwa, muuzeni kuti mphamvu ya Botox imatha pakapita miyezi 3 kapena 4, komanso kuti filler, mankhwala ena obayidwa pofuna kudzaza khungu kapena milomo, ikatseka mtsempha wa magazi khungu likhoza kufa. Kenako mpatseni mpata akaganize bwino kunyumba.