Skirting ndi cornice: musayambire pa chithunzi cha pa foni

Anthu ambiri akamakonzanso nyumba amangotulutsa foni n'kunena kuti, "Ndikufuna skirting ngati iyi." Skirting ndi thabwa lokhomedwa m'munsi mwa khoma, pamene khomalo limakumana ndi pansi. Palibe amene amayamba wanena kuti pansi amakolopa kangati pa sabata. Komatu madzi okolopera ndi chiswe ndizo ziyenera kukusankhirani skirting, maluwa osemedwa pa thabwa abwere pambuyo.

Skirting ya matabwa a MDF imakopa chifukwa ndi yosalala ndipo penti imaigwira bwino. Koma MDF ndi tizidutswa ta mtengo tomatidwa ndi guluu. M'nyumba yokolopa m'mawa uliwonse, m'munsi mwake mumamwa madzi n'kufufuma, ndipo ikafufuma siibwereranso. Kubafa, kukhitchini ndi pakhonde dulani matailosi omwewo a pansi, masentimita 7 mpaka 10, kapena ikani skirting ya pulasitiki ya PVC.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi paini wamuwisi. Paini wa ku Chikangawa alibe vuto, vuto ndi kumukhoma atangochekedwa kumene. Thabwa la m'nyumba liyenera kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa 12 mpaka 15 peresenti. Likakhomedwa lili ndi madzi, dzuwa la Okutobala likafika limachepa m'mimba mwake, osati m'litali, n'chifukwa chake ngodya za thabwa lozungulira felemu ya chitseko zimayasamula cha mkati. Mmisiri wachinyengo amamata putty (phala lotsekera ming'alu) pamenepo, n'kupaka penti, n'kulandira ndalama zake. Pakatha miyezi ingapo mng'alu wabwerera. Sanjani matabwawo m'nyumbamo kwa milungu iwiri kapena kuposa, mutayika timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa. Pulasitala watsopano nayenso mumupatse milungu inayi. Khoma lonyowa limapinda ngakhale mbawa kapena mlombwa wouma bwino.

Za kukula kwake n'zosavuta. Siling'i ikakhala pa mamita 2.4, cornice (chokongoletsera chotseka pamene khoma limakumana ndi siling'i) ya mamilimita 75 yakwana. Yaikulu ya mizere yambirimbiri imachititsa chipinda kuoneka chopanikizika, ndipo m'mizeremo mumadzaza fumbi. Pa mamita 3 mukhoza kufika pa 125. Thabwa la pachitseko likhale lochindikala kuposa skirting, kuti skirting ikathere pa ilo osatulukira. Gulani zoonjezera 10 peresenti chifukwa ngodya zimadya matabwa. Pa khoma la njerwa mangani ndi ma screw ndi mapulagi olowetsa m'khoma pa masentimita 40 mpaka 60 aliwonse, osati misomali yokha. Ndipo mufunseni kalipentala mmene adzadulire ngodya za mkati. Akanena kuti zonse ndi madigiri 45, dziwani kuti sanayeze makoma anu, chifukwa ngodya za nyumba zathu kawirikawiri sizikhala pa 90 ndendende. Wodziwa ntchito amasema thabwa limodzi motsatira nkhope ya linzake.

Chonde, kumbuyo kwa thabwa kupakidwe mankhwala a chiswe monga Solignum lisanakhomedwe. Ambiri amapaka vanishi kumaso kokha, pomwe chiswe chimalowera kumbuyo, kumdima, kudzera m'ming'alu ya pakati pa khoma ndi simenti ya pansi. Mukaona kamzere ka dothi pamwamba pa skirting, kapena mukagogoda n'kumveka phwephwe, musadikire kuti mvula ithe kaye. Kupopera mankhwala a udzudzu sikufika kumene chiswecho chikuchokera. Zulani thabwalo sabata yomweyo, itanani odziwa za chiswe athire mankhwala m'mbali mwa maziko, ndipo wina akwere m'siling'i akagogode mitanda ya denga umodzi umodzi.