Buku la IBM limene sewero la Halt and Catch Fire linalambalala

M'chigawo choyamba cha Halt and Catch Fire, sewero limene kanema wa AMC wa ku America anayamba kuonetsa mu Juni 2014, amuna awiri adzitsekera m'galaja ku Dallas. Chaka ndi 1983. Amasula kompyuta ya IBM, azula chip yosunga BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyutayo, ndipo akuwerenga manambala ake limodzilimodzi n'kumalemba pamanja usiku wonse. Woonera amachoka ndi maganizo oti IBM inakwirira chinsinsi chake m'kachipangizo kakuda kameneka, ndipo akatswiri ndi amene anachifukula. Koma zimene amuna awiriwa akukhetsera thukuta zinali zosindikizidwa kale m'buku limene IBM yomweyo inkagulitsa kwa aliyense.

IBM inatulutsa kompyuta yake ya 5150 pa 12 Ogasiti 1981, ndipo pofuna kufulumira inagula pafupifupi chilichonse kwa ena. Purosesa inali Intel 8088 yothamanga 4.77 MHz. DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, inachokera ku Microsoft, imene inasunga ufulu woigulitsanso kwa makampani ena. Chake chenicheni cha IBM chinali BIOS, pulogalamu yaing'ono ya 8 KB, kapena kuti mabayiti 8,192. Mukayatsa kompyuta, BIOS ndiyo imayamba kudzuka: imayesa memori, imadzutsa kiyibodi ndi sikirini, kenako n'kuwerenga kagawo koyamba ka disiki kuti DOS ilowe. Ikatero imakhala ngati mtumiki wa mapulogalamu ena, amene amaiitana ndi lamulo lotchedwa INT ndi nambala ya ntchitoyo. Pulogalamu yofuna kulemba pa sikirini imaitana INT 10h, yofuna disiki INT 13h, yofuna kiyibodi INT 16h.

Buku la Technical Reference la kompyutayi linali ndi zojambula za mawaya onse komanso BIOS yonse, mzere ndi mzere, pamodzi ndi ndemanga za amene anailemba. IBM inachita dala kuti ena athe kupanga makadi ndi mapulogalamu oyenda pa makina ake. Ngakhale wopanda bukulo sakanafunika kusungunula mtovu kuti azule chip. DOS inkabwera ndi kapulogalamu kotchedwa DEBUG, ndipo ukakauza kuti kaonetse memori kuyambira pa adiresi ya F000:E000, BIOS yonse inkatuluka pa sikirini. Ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Vuto silinali kupeza BIOS ayi. Vuto linali loti ukangoiona, wadetsedwa. Mu Ogasiti 1983 khoti la apilo ku Philadelphia linagamula mlandu wa Apple ndi Franklin, kampani imene inakopera mapulogalamu a m'kati mwa Apple II, ndipo linati pulogalamu yosungidwa mu chip nayonso imatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba. Kumayambiriro kwa 1984 IBM inagwira Eagle Computer ndi Corona Data Systems chifukwa BIOS zawo zinkafanana kwambiri ndi yake, ndipo makampaniwo anakakamizika kulembanso zawo. Motero buku lija linasanduka msampha. Injiniya wanzeru aliyense anali ataliwerenga, ndipo woliwerenga sakanathanso kulumbira kuti zimene walemba zachokera m'mutu mwake.

Njira yotulukira inali kugawa anthu m'magulu awiri osakumana. Gulu loyamba limaloledwa kuwerenga BIOS ya IBM, koma ntchito yake ndi kulemba zimene BIOS imachita, osati mmene imachitira. Mwachitsanzo: ukaika nambala 0Eh mu AH, chilembo mu AL (timalo tosungira manambala m'kati mwa purosesa), n'kuitana INT 10h, chilembocho chioneke pa sikirini ndipo kasa, kachizindikiro koonetsa polemba, isunthire kutsogolo. Basi. Palibe mzere umodzi wa pulogalamu wololedwa kulowa m'chikalatachi, ndipo maloya amaunika pepala lililonse lisanadutse. Gulu lachiwiri ndi la anthu amene alumbira kuti sanaonepo BIOS ya IBM. Iwowa amalemba yawo kuchokera pa chikalata chija chokha. Akakhala ndi funso salifunsa pakamwa; amalilemba, lidutsa kwa loya, yankho libwerenso molembedwa, ndipo mapepala onse amasungidwa kudikira tsiku la khoti.

Zinthu zimasokonekera m'malo odziwika. Wolemba chikalata akatopa amaponyamo kachidutswa ka pulogalamu ya IBM kuti afotokoze msanga, ndipo gulu lachiwiri lonse ladetsedwa. Wina wa gulu lachiwiri akakodwa amasuzumira m'buku mwakachetechete, kenako malangizo ake amatsatana ndendende ngati a IBM, nthawi zina mpaka cholakwika chimene sichikanabwera mwangozi kawiri. Zoterezi ndi zimene katswiri wa mbali inayo amasakasaka akaika ma BIOS awiri pambali ndi pambali.

Apa sewero liyenera kuyamikidwa. Mtsikana wotchedwa Cameron Howe akulembedwa ntchito chifukwa sanaonepo BIOS ya IBM, maloya akumufunsa mafunso, ndipo akumutalikitsa ndi zimene amuna aja analemba. Maziko a lamulo ndi omwewo. Pamene Phoenix Technologies inkakonza BIOS yake imene inayamba kugulitsa mu 1984, inasankha dala wolemba mapulogalamu amene anazolowera purosesa ya Texas Instruments, wosadziwa za 8088. Chimene sewero lachepetsa ndi kuchuluka kwa manja ndi mapepala. Lasandutsa ntchito ya miyezi yofanizira, kuyesa ndi kusainirana kukhala nkhani ya munthu mmodzi wodikira kuti nzeru zimutsikire.

Komanso BIOS yoyera pamaso pa khoti sinali mapeto a ntchito, ndipo gawo ili ndi limene masewero sakonda chifukwa silisangalatsa maso. Mapulogalamu otchuka sankamvera malamulo a IBM. BIOS inali yochedwa polemba pa sikirini, choncho olemba ambiri ankailumpha n'kulemba mwachindunji mu memori ya sikirini, pa adiresi ya B000 sikirini ikakhala ya mtundu umodzi, pa B800 ikakhala ya mitundu. Ena ankadumphira pa adiresi yeniyeni m'kati mwa ROM, chip yosunga BIOS ija, m'malo moitana INT. Ena ankawerenga bayiti ya pa F000:FFFE kuti adziwe mtundu wa makina. Ngati kompyuta yanu yasiyana pa chimodzi mwa izi, pulogalamu imauma kapena sikirini imadzaza zinyalala, ngakhale BIOS yanu ikuyankha bwino lomwe funso lililonse la m'chikalata. N'chifukwa chake ogula ndi olemba magazini ankayesa makina atsopano ndi Lotus 1-2-3, pulogalamu yowerengetsera imene inatuluka mu Januwale 1983, ndi Flight Simulator, masewera oulutsa ndege a Microsoft. Makina ngati DEC Rainbow ndi TI Professional ankayendetsa MS-DOS, mwina n'kuposa IBM pa zina, koma sankayendetsa mapulogalamu ambiri a IBM PC mmene alili, ndipo msika unawataya.

Panalinso BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu. IBM inaika BASIC ya Microsoft ya 32 KB mu ROM, ndipo BASICA ya pa disiki inkadalira imeneyo. Wokopera amene analibe ROM ija ankayenera kupereka BASIC yathunthu ya pa disiki, monga GW-BASIC, apo ayi mapulogalamu ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi sakanayenda.

Cardiff Electric, kampani ya m'sewero, ndi yopeka, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Nkhani yake ikuyandikira ya Compaq, imene Rod Canion, Jim Harris ndi Bill Murto, onse ochokera ku Texas Instruments, anakhazikitsa ku Houston mu Febuluwale 1982. Compaq Portable inalengezedwa mu Novembala 1982 n'kuyamba kufika kwa ogula mu Malichi 1983. Inkalemera makilogalamu pafupifupi 13, mtengo wake unayambira pa madola 2,995, ndipo m'chaka choyamba kampaniyo inagulitsa katundu wa madola 111 miliyoni. Wolemba sewero ali ndi ufulu wosintha mzinda, mayina ndi maukwati. Woonera amadziwa kuti anthuwo ndi opeka. Koma akasintha mmene chinthu chimagwirira ntchito, woonera alibe pomuchenjezera, ndipo amanyamula cholakwikacho ngati mbiri. Kwa ine ichi ndiye cholakwika cholemera kuposa kuika kiyibodi ya chaka china pa tebulo.

Tikumbukirenso kuti IBM PC sinali kwenikweni ya m'nyumba. Ya madola 1,565 inali ndi memori ya 16 KB, yopanda sikirini ndi disiki. M'makomo munali Commodore 64, imene inayamba kugulitsidwa mu Ogasiti 1982 pa madola 595, ndi TI-99/4A, imene nkhondo ya mitengo inaigwetsa mpaka Texas Instruments kusiya msikawo mu Okutobala 1983. Gawo lachiwiri la seweroli, la mu 1985, linasankha bwino poika kampani yake ya masewera a pa lamya pa Commodore 64, pakuti Quantum Link, imene pambuyo pake inakhala America Online, inayambira pa makina omwewo mu Novembala 1985. Chimene kanema amadula nthawi zambiri ndi kudikira. Modemu, chipangizo cholumikiza kompyuta ku lamya, ikakhala ya liwiro la 300 baud imatumiza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Sikirini ya Commodore 64 ili ndi mizere 25 ya zilembo 40, zonse 1,000, ndiye kuidzaza kumatenga masekondi opitirira 30. Mukaona chithunzi chikubwera kamodzin'kamodzi pa lamya ya 1985, dziwani kuti adula. Kudulako n'komveka, koma kumabisa chifukwa chimene olemba mapulogalamu a nthawiyo ankawerengera bayiti iliyonse ngati ndalama.

Wofuna kudziyesera yekha sewero lotere ayambe ndi madeti, ndipo asiyanitse tsiku lolengeza ndi tsiku limene chinthu chinafika m'sitolo, pakuti pakati pake pankadutsa miyezi. Magazini a Byte ndi PC Magazine a zaka zimenezo anasungidwa pa intaneti, ndipo malonda a m'menemo amaonetsa mitengo ndi zida zimene zinalipodi mwezi umenewo. Buku la Technical Reference nalonso likupezeka, BIOS yonse ili kumapeto kwake.

Kusintha kwakukulu kunachitika popanda galaja kapena usiku wosagona. Compaq inasunga BIOS yake, koma Phoenix inkagulitsa yake kwa aliyense. Kuyambira 1984 kampani yaing'ono inkatha kugula BIOS ku Phoenix, DOS ku Microsoft, purosesa ku Intel, n'kumanga kompyuta yoyendetsa Lotus 1-2-3 popanda kulemba ntchito gulu la maloya. Mitengo inatsika, opanga anachuluka ku America ndi ku Taiwan, ndipo mu 2005 IBM inagulitsa bizinesi yake ya makompyuta amenewa kwa Lenovo. Sikirini imene wokonza makompyuta ku Limbe kapena ku Chipata amalowamo podina F2 kapena Del amaitchulabe kuti BIOS, ngakhale m'makina atsopano pulogalamu yake inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa UEFI.